Linkin Park ya Emily Armstrong, ndi bandi yomweija kapena langotsala dzina?

Mada Ndirande: Abale nkhaniyi yandikhala pakhosi nthawi yaitali nde lero ndingoitulutsa. Ndakhala ndikumvera From Zero, chimbale chija Linkin Park anatulutsa mu November 2024, kuyambira The Emptiness Machine mpaka kukathera ku Good Things Go, ndipo sindikunena kuti ndi chimbale choipa ayi, woimba wawo watsopano Emily Armstrong mawu ali nawo, kukuwa amakuwa zenizeni, koma ine ndikatseka maso sindikumva Linkin Park olo pang'ono. Chester Bennington amene anali woimba wawo anatisiya 2017, Rob Bourdon wa ng'oma sanabwerere, Brad Delson wa gitala pa siteji sakweranso, nde chatsala ndi chani? dzina basi. Akanangosintha dzina ngati anachitira a Joy Division, woimba wawo Ian Curtis atamwalira mu 1980 otsalawo anadzitcha New Order ndipo anthu anawalemekeza. Ine ndikuona kuti chawakoka ndi ndalama zili m'dzinamo

Tadala K: Mada werenga bwino. Mwa anyamata 6 aja anayi alipobe, Mike Shinoda, Joe Hahn, Phoenix wa besi ndi Brad ukumunenayo. Brad sanachoke, From Zero walemba nawo ndipo waimba nawo, kungoti ananena yekha kuti iye amasangalala ndi ntchito ya mu situdiyo nde pa maulendo a mashoo pamalo pake pamaima Alex Feder. Komanso usaiwale kuti bandi imeneyi siinayambe ndi Chester. Mike, Brad ndi Rob anadziwana ku sukulu ku Agoura Hills ku California, anayamba mu 1996 dzina lawo lili Xero, woimba ali Mark Wakefield. Chester anachita kuitanidwa kuchokera ku Arizona mu 1999. Nde ukamati asinthe dzina ukuuza eni nyumba kuti asamuke chifukwa amene anabwera kudzakhala nawo wapita

Mada Ndirande: Aaa Tadala usalankhule ngati Chester anali wa lendi pa bandi imeneyi. Xero yakoyo ankaidziwa ndani? Munthu wakumidzi kuno olo ku America komweko ukamufunsa Linkin Park amakumbukira mawu a ndani, a Mark Wakefield?

Tadala K: sindinati anali wa lendi, ine Chester ndimamukonda kuposa iwe mwina. Ndikungoti nyumbayo anamanga anthu ambiri

Chisomo wa gitala: Ndilowepo pang'ono. Zoona zake ndi zoti olo Chester atafika makampani a nyimbo ankawakanabe kambirimbiri. Anawathandiza ndi Jeff Blue wa ku makampani a nyimbo, yemweyo amene anawalumikiza ndi Chester, atapita kukagwira ntchito ku Warner nde anawakokera komweko, Hybrid Theory kutuluka mu October 2000. Nde onse awiri mukunena zoona, popanda Chester sizikanayaka, koma Chester yekha analiponso ndi bandi yake Grey Daze ku Phoenix zaka zingapo ndipo siinapite patali. Chinayaka ndi kukumana kwa awiriwa, wina akurapa wina akuimba ndi kukuwa, pansi pake gitala yolemera ndi Joe Hahn akukanda ma rekodi

Yami Area 25: Ine ndinene zoona ndinalowa mu Linkin Park kudzera kwa Jay-Z. Numb/Encore ija ya 2004 ankaiika pa wailesi ngati nyimbo ya fuko, kenako Fort Minor gulu lina la Mike, Remember the Name ndi Where'd You Go, nde kwa ine mwini bandi wakhala Mike nthawi zonse. Rock ndinkaiona ngati phokoso la azungu mpaka nditamva Faint ndi Papercut kuti aa mkati muno muli hip hop yeniyeni. Ndikamva Two Faced pa chimbale chatsopanochi ndimamva Mike yemweuja, mpaka kukanda kwa Joe Hahn kwabwerera

Mada Ndirande: Two Faced ndi One Step Closer yovala malaya ena, imva gitala yake. Ndi zomwe zikundinyansa zimenezo, akuchita kuonetsera kuti akufuna tikumbuke 2000

Yami Area 25: nde ukufuna chani Mada, akaimba zofanana ndi zakale ukuti akukopera, akanaimba zachilendo ukanati si Linkin Park

Gift wa ku Joni: Ana inu mwadzuka ndi nkhani yabwino lero. Ine Chester ndinamuona ndi maso angawa pa FNB Stadium pa 10 November 2012, nthawi ya chimbale cha Living Things. Ndalama ya tikiti ndinachita kusunga pang'onopang'ono kuchokera ku maganyu, anzanga achimalawi amene ndinkakhala nawo ankandiseka kuti ukukataya ndalama kwa anthu okuwa. Tinafika anthu ali ndi chisoni chifukwa masiku atatu m'mbuyo mwake ku Cape Town chikwangwani chachikulu cha malonda chinagwa ndi mphepo kunja kwa sitediyamu, mayi wina anamwalira ena kuvulala. Koma chimene sindidzaiwala ndi munthu uja pa sikirini yaikulu, kathupi kochepa, wawerama ngati wagwidwa m'mimba, misempha ya pakhosi ili toso, maiki waigwira manja awiri, kenako akuweramuka nkuimba mofewa ngati si yemweuja. Mpweya ankautenga kuti sindikudziwa mpaka lero. Nde mphwanga Mada ndikukumvetsa, munthu ngati ameneuja sabwera kawiri

Mada Ndirande: Mwamva inu? zikomo achimwene

Gift wa ku Joni: Dikira sindinamalize. Ndikukumvetsa koma sindikugwirizana nawe pa za dzina. Ife tinaona Evison Matafale akumwalira mu November 2001, tonse tinati Black Missionaries yatha, Kuimba 1 ndi Kuimba 2 basi zathera pomwepo. Musamude anaima kutsogolo, Kuimba 3 inatuluka. Musamude naye anatisiya 2007, Anjiru anatenga maiki, mpaka lero Ma Blacks akudzadza malo ndipo nyimbo za Matafale amaziimbabe, ana obadwa Matafale atamwalira akuzidziwa mawu onse chifukwa anyamata a ku Chileka aja sanasiye. Akanati tisinthe dzina tisaimbenso za malemu, bwezi lero Matafale akungokumbukiridwa ndi ife a imvi tokha

Mada Ndirande: Achimwene pamenepo ndiye pali kusiyana. Ma Blacks ndi pachibale, magazi amodzi, mudzi umodzi, Anjiru akamaimba ya Matafale akuimba ya m'bale wake. Emily ndi ndani kwa Chester? Mayi ake a Chester enieniwo a Susan Eubanks anauza Rolling Stone kuti anamva ngati aperekedwa chifukwa sanauzidwe kuti bandi ikubwerera ndi munthu wina, mwana wa Chester Jaime nayenso anakwiya poyera kunena kuti Mike akufufuta mbiri ya bambo ake. Ngati abanja akulira ife ndi ndani kuti tiziombera m'manja

Tadala K: Za mayi ake zija zinandipweteka inenso, pamenepo bandi inalakwitsa, mayi wa munthu sumamusiya kuti amvere pa intaneti ngati ife. Koma kulakwitsa kauzidwe ndi nkhani ina, kukhala ndi ufulu woimba nyimbo zomwe unalemba wekha ndi nkhani inanso. Breaking the Habit anthu ambiri amaganiza kuti analemba Chester chifukwa cha mavuto ake a mankhwala ndi mowa, koma analemba ndi Mike. One More Light nyimboyo Mike analemba ndi Eg White, yokhudza mnzawo wa ku kampani ya Warner amene anamwalira ndi khansa. Nde Mike akhale zaka zake zonse zotsala osaimba nyimbo zake?

Chisomo wa gitala: Komanso Chester mwini wakeyo anakalowa m'malo mwa Scott Weiland ku Stone Temple Pilots kuyambira 2013 mpaka 2015, dzina la bandi osasintha kwenikweni, nyimbo za Weiland nkumaziimba. Iye sankaona kuti ndi tchimo. AC/DC Bon Scott anamwalira February 1980, chaka chomwecho anatulutsa Back in Black ndi Brian Johnson. Alice in Chains ali ndi William DuVall m'malo mwa malemu Layne Staley. Linkin Park anadikira zaka 7

Mada Ndirande: Weiland nthawi imeneyo anali moyo, anachita kuchotsedwa. Sizofanana

Chisomo wa gitala: eya sizofanana ndendende, koma zikuonetsa mmene Chester ankaganizira za bandi, kuti nyimbo zikuyenera kumaimbidwa

Tadala K: Ine chimene chimandipsetsa mtima pa nkhani imeneyi ndichinene. Anthu ambiri amene lero akulira kuti palibe Chester palibe Linkin Park ndi omwewo amene anamutukwana Chester ali moyo. Chimbale cha One More Light chitatuluka mu May 2017 mukukumbuka zomwe zinkalembedwa? kuti agulitsa mzimu, kuti asanduka bandi ya pop, Heavy ija anaimba ndi Kiiara anthu anaiseka mpaka, ku chikondwerero cha nyimbo cha Hellfest ku France wina anachita kumugenda ndi chigubu ali pa siteji. Chester anakwiya nazo ndipo anayankha mwaukali, anthu nkumati wadzikonda. Miyezi iwiri yokha, pa 20 July wapita ali ndi zaka 41. Mawa lake anthu omwewo anayamba kumvera Heavy ndi Nobody Can Save Me nkumati iii munthuyu ankatiuza. Ankatiuzadi koma tinali otanganidwa kufunsa kuti gitala ili kuti. Nde ine ndikamaona gulu lomwelo lero likugenda Emily m'dzina la Chester zimandiwawa, chifukwa ndi khalidwe lomwelija langopeza munthu wina

Mada Ndirande: Ine sindinatukwanepo Chester. Chimbale chija sindinachikonde ndipo mpaka lero sindichikonda, kusakonda chimbale si kutukwana munthu

Tadala K: sindikuloza iwe, ndikunena gulu

Gift wa ku Joni: Apa tisamale pang'ono ana inu. Tisamanene ngati ndemanga za anthu ndi zomwe zinamupha, munthu uja analimbana ndi matenda a maganizo kuyambira ali mwana, anachitidwa nkhanza ali wamng'ono ndipo ankazinena poyera, kuonjezera imfa ya mnzake wapamtima woimba Chris Cornell mu May chaka chomwecho, anaimba pa maliro ake, ndipo tsiku limene Chester anamwalira linali tsiku lobadwa la Cornell. Zinthu zake zinali zolemera. Ndipo ngati pagulu pano pali wina amene nyimbo zimenezi amazimvera chifukwa mumtima mwathina, asangothera pa mahedifoni, auze munthu, apite kuchipatala, amuna ife timafa ndi kukhala chete

Tadala K: zoona achimwene, ndavomera

Lusungu M: Moni nonse ndalowa mochedwa netiweki kuno ikuvuta. Ine funso langa ndi lina, mukamati Linkin Park yeniyeni mukunena iti? Chifukwa Hybrid Theory ndi Meteora ndi mapasa, nyimbo zazifupi, vesi Mike kolasi Chester, chimbale chonse osakwana mphindi 40, mulibemo ndi mawu otukwana omwe. Kufika 2007 Minutes to Midnight ndi projusa Rick Rubin anataya zonsezo, Mike akurapa nyimbo zowerengeka, Shadow of the Day yofatsa, Brad mpaka kuimba solo. Anthu analira. 2010 A Thousand Suns anthu analiranso kwambiri. 2014 The Hunting Party anabweretsa gitala zolusa zomwe anthu ankapempha, mpaka Rakim, Tom Morello ndi Daron Malakian wa System of a Down analimo, koma anthu omwe ankapemphawo ambiri sanachilabadire. Bandi imeneyi chimbale chilichonse imauzidwa kuti yafa

Yami Area 25: A Thousand Suns ndi chimbale chawo chabwino kuposa zonse ndipo sindisintha. Chimenechija sumasankha nyimbo, umachiyamba poyamba mpaka kumapeto usiku magetsi atazima. Mawu a wasayansi Oppenheimer akukamba za bomba, a Martin Luther King akusanduka pang'onopang'ono kukhala ngati a makina, womenyera ufulu Mario Savio pa Wretches and Kings, kenako When They Come for Me ng'oma zake zija Mike akuyankha onse omunyoza, Waiting for the End mpaka kakomedwe ka rege kali mkati, kutsekera The Messenger Chester ndi gitala ya bokosi mawu akuchita kung'ambika. Mukandiuza kuti Meteora ikuposa pamenepo ndiye kuti mukungokumbuka unyamata wanu osati nyimbo

Mada Ndirande: Yami usanyoze Meteora. Somewhere I Belong, Faint, Numb, From the Inside, Lying from You, Breaking the Habit, chimbale chimodzi chimenecho, palibe yodumpha. Ndipo tazionanso mu 2023 atatulutsa Lost, nyimbo imene anaisiya panja nthawi ya Meteora, yotsala chabe koma inagwedeza dziko lonse patatha zaka 20. Chimbale chimene zotsala zake zili choncho ungachifanizire ndi chani. A Thousand Suns theka lake ndi tizidutswa ta phokoso

Lusungu M: Lost inagwedeza chifukwa tinamva mawu a Chester amene tinali tisanawamvepo, olo ikanakhala nyimbo wamba tikanalirabe

Mada Ndirande: nde ukuvomereza zomwe ndikunena, kuti nkhani ndi mawu a Chester

Lusungu M: ndikuvomereza kuti timamusowa, zimenezo palibe akutsutsa

Chisomo wa gitala: Ndifotokozeko kumbali ya kaimbidwe chifukwa mwina chimene Mada akumva kuti chasowa chili ndi chifukwa chake. Nyimbo zakale zija Brad ankatsitsa mawaya onse pang'ono kenako waya wonenepa uja nkuutsitsanso, nde chord umaigwira ndi chala chimodzi chogoneka, ndi chifukwa chake One Step Closer mwana wophunzira gitala amaigwira sabata yomweyo koma imamveka yolemera ngati chigayo. Kulemera kumeneko kunamangidwa mozungulira mawu a Chester. Emily mawu ake amakhala malo ena, nde nyimbo zingapo zakale anasintha kiyi kuti zimukwane, Mike ananena yekha zimenezi. Ukasintha kiyi gitala imamveka mosiyana, piyano imamveka mosiyana, khutu lako limene lamva Numb kwa zaka 20 pamalo amodzi limadziwa kuti china chasuntha olo iwe sudziwa za makiyi. Chachiwiri, Chester ankatha kukuwa koma noti ili yoyera mkati mwa kukuwako, mvera Given Up pamene amakoka mpweya umodzi masekondi 17. Emily kukuwa kwake ndi kwa mchenga, kokanda pakhosi, kochokera ku rock ya Dead Sara bandi imene anachokera, mvera nyimbo yawo Weatherman umva komwe anachokera. Nde pa Crawling kapena Leave Out All the Rest ine ndimavomereza kuti sizifika, koma pa nyimbo zake zomwe anamulembera iyeyo, Heavy Is the Crown, Casualty, IGYEIH, Up From the Bottom, palibe chomudandaulira

Mada Ndirande: Apa ndiye walankhula Chisomo. Nde aziimba zatsopanozo, zakale azisiye

Chisomo wa gitala: anthu odzadza sitediyamu alipire tikiti nkubwerera osamva In the End? sizingatheke mani

Thoko ku Leeds: Ndakhala ndikuwerenga chete ndili ku ntchito, pano ndaweruka. Ine ndinapita ku Wembley pa 28 June 2025 ndipo ndinapita ndi mtima ngati wa Mada, ndinkati ndikungofuna ndikaone Mike ndi Joe Hahn. Chimene ndinaona ndi choti mtsikana uja sayesera kukhala Chester, sayenda ngati iye, samutsanzira mawu, ndipo pofika pa nyimbo zikuluzikulu zija malo ambiri amangotembenuza maiki kuloza kwa anthu, sitediyamu yonse nkuimba gawo la Chester. Pafupi ndi ine panali bambo wina wa imvi ndi mwana wake wamkazi wa zaka mwina 14, pa Numb bambo akuimba misozi ili mbwembwembwe mwana atawagwira mkono, itayamba The Emptiness Machine mwana uja ndi amene analumpha kuimba mawu onse bambo akungomuyang'ana. Mwana ameneuja Chester akumwalira anali wa ku mkaka, kwa iye Linkin Park ndi imeneyi ndipo kudzera mwa Emily wafika kwa Chester. Ine sindinganene kuti ndi chimodzimodzi, sizili chimodzimodzi, pa Crawling mtima unandiwawa ndithu. Koma sindinabwereko ndikumva kuti ndaberedwa

Gift wa ku Joni: Achemwali mwatiimirira. One More Light anaimba?

Thoko ku Leeds: Ayi achimwene, imeneyo saimba. Mike ananena kuti ndi yomvetsa chisoni kwambiri kuti aziimba pano

Tadala K: Ukuona Mada, anthu ongofuna ndalama akanaiika imeneyo pakati pa shoo, chithunzi cha Chester pa sikirini, aliyense ayatse tochi ya foni, misozi igulitse matikiti. Sanatero

Mada Ndirande: Kapenanso akuthawa kumutchula. Ena tikudandaula zomwezo kuti dzina lake silimveka mokwanira pa mashoo amenewa

Lusungu M: Anamuchitira mwambo wonse ku Hollywood Bowl mu October 2017, Mike anatulutsa Post Traumatic 2018 chimbale chonse cha maliro, kenako Hybrid Theory ya zaka 20, Meteora ya zaka 20, Papercuts ndi Friendly Fire mu 2024. Zaka 7 akhala akulira pagulu. Munthu amavula zakuda nthawi ina

Kondwani BT: Inu mukukamba za mawu ndi makiyi koma nkhani imene inandibweza ine ndi ina. Emily anapita ku khoti mu 2020 kukaima kumbali ya Danny Masterson wa masewero a pa TV ku America, amene mu 2023 anapezeka wolakwa pa milandu yogwiririra ndipo anagamulidwa zaka zosachepera 30. Kuonjezera zomwe amamugwirizanitsa Emily ndi mpingo wa Scientology. Chester anali munthu amene anachitidwapo nkhanza zotere ali mwana, nde pamalo pake mukaikepo munthu wa mbiri imeneyo? kwa ine pamenepo ndi pamene panavuta, osati kaimbidwe

Tadala K: Nkhani imeneyo ndi yoona ndipo sindiichepetsa, ine ndi mkazi. Koma tinenenso kuti anayankha tsiku lotsatira atangomulengeza, analemba kuti anapemphedwa kuperekeza munthu amene ankamuona ngati mnzake, anapita kamodzi koyambirira kwa mlandu, anazindikira kuti samayenera kutero ndipo sanalankhulenso naye. Wina akhoza kukhulupirira wina ayi. Ine ndinasankha kumvera zomwe akuimba ndi kuona mmene akhalire kutsogoloku

Kondwani BT: ine sizinandikwanire, anayankha chifukwa anthu anamupanikiza

Thoko ku Leeds: Kondwani ali ndi ufulu, kuno ndikudziwa anthu amene anakana kugula tikiti chifukwa cha zomwezo ndipo sindiwatsutsa

Yami Area 25: Koma fainolo ya Champions League ija ya ku Munich pa 31 May 2025 munaonera? PSG isanasambitse Inter 5-0. Ife tinali pa malo oonetsera mpira ku 25 kuno, anyamata ongodikira gemu akuti achoke awa tione mpira, itangolira piyano ya In the End holo yonse inayamba kung'ung'udza, ena sadziwa ndi dzina la bandi lomwe koma nyimboyo ili m'mutu kuyambira nthawi ya ma CD owotcha ndi kutumizirana pa Bluetooth

Mada Ndirande: Ndinaonera ndipo inali shoo yofooka, nyimbo zoduladula, mawu osamveka bwino. Katswiri wakale wa mpira Marco van Basten amene anadandaula pa TV ya kwawo

Chisomo wa gitala: Shoo ya mphindi zochepa mpira usanayambe sungayezere bandi, olo Chester zikanamveka choncho. Van Basten vuto lake linali loti osewera akusokonezedwa, si za Emily. Ukafuna kuweruza onera shoo yathunthu pa YouTube, ndipo usaonere ya tsiku loyamba ija ya 5 September 2024, tsiku limenelo mtsikanayo mantha anali atamugwira zoonekeratu, onera za 2025 umve mmene wakhazikikira

Gift wa ku Joni: Ndipo In the End mukuitamayo Chester mwini wake poyamba sankaifuna, ananena yekha kuti sankafuna ikhale pa chimbale. Nde nayenso khutu lake linkaphonya nthawi zina ngati ife tomwe

Mada Ndirande: Chabwino ndinene pomwe ndaima. Over Each Other ndi Good Things Go ndi nyimbo zabwino, Overflow nayonso ili ndi kena kake ka A Thousand Suns kamene Yami angakonde. Chikanakhala chimbale cha bandi ya dzina lina bwezi ndikuchitama pano. Koma mufoni mwanga ndinachiika mu foda yakeyake, sichikhala pamodzi ndi Hybrid Theory mpaka One More Light, ndipo Emily akamaimba Crawling ndimadumpha

Tadala K: One More Light yomwe umati suikonda ija ili mu foda ya Chester?

Mada Ndirande: ilimo, kusaikonda ndi nkhani ina koma ndi yake

Pilirani: Pepani akuluakulu ine ndi watsopano, ndinawadziwa kudzera mu Heavy Is the Crown ya mpikisano wa gemu ya pa kompyuta wa League of Legends Worlds 2024 ndi What I've Done ya mu filimu ya Transformers basi. Bandulo yanga ndi yochepa, ndiyambe kukopera chimbale chiti?

Mada Ndirande: Meteora, usamvere wina aliyense

Yami Area 25: A Thousand Suns koma ukhale ndi mahedifoni abwino osati sipika ya foni

Lusungu M: Mwanayu mumuthawitsa. Pilirani yamba ndi Papercuts, muli nyimbo zikuluzikulu za zaka zonse, ukaona zomwe zakugwira ubwere utiuze nde tikulozera chimbale chake

Chisomo wa gitala: ndipo ukakhala ndi bandulo ya usiku ukopere Live in Texas ya 2003, uone Rob Bourdon pa ng'oma, chifukwa tatha tsiku lonse tikukangana za oimba awiri munthu ameneuja osamutchula bwinobwino, Colin Brittain amene analowa m'malo mwake akumenya bwino koma Faint ya Rob ndi ina

Tadala K: The Hunting Party nayo Rob anadzipha nayo ntchito mpaka msana unamuvuta, Pilirani imeneyo uisunge ya mwezi wa mawa

Pilirani: Zikomo, ndayamba Papercuts. Crawling ndi imene ili poyamba, ndi yomwe aMada amati amadumpha ija?

Mada Ndirande: imeneyo ndi ya Chester mwini wake, anawina nayo Grammy mu 2002, usadumphe, kweza voliyumu